Kompyuta yatsopano: yambani n'kuchotsamo, kuikamo pambuyo

Anzanga, maganizo anga ndi akuti munthu akagula kompyuta yatsopano, ntchito yoyamba si kuikamo mapulogalamu ayi, koma kuchotsamo ena omwe wawapezamo.

Ambirife timayesa kuti chilichonse chobwera ndi makinawo kuchokera ku fakitale n'chofunika, akatswiri anachiikamo ali ndi chifukwa. Chifukwacho chilipodi, koma nthawi zambiri ndi ndalama. Opanga malaputopu sapindula kwambiri pa makina amodzi, ndiye makampani a mapulogalamu amawalipira kuti katundu wawo akhaliretu m'katimo. N'chifukwa chake mukangoyatsa mumapeza antivairasi (pulogalamu yoteteza kompyuta ku mavairasi) yoyeserera ya masiku 30, timasewera, ndi timauthenga tongotulukira pakona kuti gulani ichi, lembetsani icho. Makinawo mwagula ndinu, koma ena achita lendi m'menemo osakufunsani.

Wina anene kuti ndikukokomeza. Mu 2008 kampani ya Sony inauza ogula malaputopu ake ena kuti amene akufuna makina opanda mapulogalamu oterewa awonjezere madola 50. Tamvani bwino, kulipira kuti asakuikireni zomwe simunapemphe! Anthu atakwiya, mtengowo anauchotsa msangamsanga, koma aliyense anali ataona kale kuti zinthuzi zimakhalamo chifukwa cha ndani.

Kukanakhala kungodya malo, bwenzi ndili chete. Vuto ndi loti ambiri mwa mapulogalamuwa amadzuka okha kompyuta ikangoyaka. Amadya RAM (malo omwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwira panthawiyo), amatha batire, amadzitsitsira zatsopano pa intaneti inu osadziwa. Pa makina a RAM ya 4 GB kapena 8 GB kulemerako kumamveka ndithu. Munthu n'kumadandaula kuti anamugulitsa laputopu yaulesi, chikhalirecho yangosenzetsedwa katundu wa eni.

Ndipo nthawi zina zimafika poopsa. Kuyambira mu 2014 Lenovo inkaika m'malaputopu ake ena pulogalamu ya Superfish, yomwe ntchito yake inali kulowetsa zotsatsa malonda m'masamba omwe munthu akuwerenga pa intaneti. Kuti izichita zimenezi ngakhale pa masamba otetezedwa, inkaika m'makinamo satifiketi yakeyake (chiphaso chomwe kompyuta imadalira potsimikiza kuti tsamba ndi lenileni), ndipo kiyi wake wachinsinsi anali mmodzimodzi m'makompyuta onsewo. Mu February 2015 akatswiri anatulukira kiyiyo, kutanthauza kuti wakuba wodziwa bwino akanatha kunamizira tsamba la banki popanda kompyuta kuchenjeza mwiniwake. Mu 2017 Lenovo inavomera kulipira madola 3.5 miliyoni ku zigawo 32 za dziko la America. Eni malaputopu aja sanatsitse chilichonse chokayikitsa. Anangogula, n'kuyatsa.

Kuchotsako si kovuta. Pa Windows 11 pitani ku Settings, kenako Apps, kenako Installed apps, muwerenge mndandandawo modekha. Pa pulogalamu iliyonse dzifunseni kuti, kodi ikugwirira ntchito ine kapena ikufuna kundigulitsa kanthu? Ikakhala yamalonda, dinani Uninstall. Mukatero dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti mutsegule Task Manager, muone zomwe zimayamba zokha poyatsa, muzimitse zosafunika. Kuzimitsa pamenepa sikufufuta kanthu, choncho ndi malo abwino oyesera ngati mukukayika.

Pomwe anthu amachita mantha kwambiri ndi pa antivairasi. Masiku oyeserera akatha, pamabwera chenjezo lofiira loti kompyuta yanu ili pangozi, ndipo munthu amalipira chifukwa cha mantha basi. Windows 10 ndi 11 zili kale ndi antivairasi yakeyake, Microsoft Defender, yomwe imangokhala pambali ikapeza antivairasi ina, n'kuyambanso ntchito inayo ikachotsedwa. Kwa munthu wongolemba, kuwerenga ndi kuonera mafilimu, ine ndimaona kuti ndi yokwanira. Ngati mukufuna antivairasi yogula monga McAfee kapena Norton, gulani chifukwa mwasankha nokha, osati chifukwa chakuti kauthenga kakuopsezani. Chomwe sindingalangize munthu n'kusiya antivairasi yotha ntchito ili pompo.

Koma pano mpomwe ndimasiyana ndi anzanga ena okonda zamakompyuta, aja ongoti fufutani zonse. Si dzina lachilendo lililonse lomwe ndi chinyalala. Mukaona Realtek, Intel, AMD, NVIDIA kapena Synaptics, dziwani kuti mwina ndi madalaivala (mapulogalamu oyendetsa zipangizo za kompyuta) a mawu, a sikirini kapena a touchpad. Mukaona Microsoft Visual C++ Redistributable italembedwa kangapo ndi zaka zosiyanasiyana, isiyeni, mapulogalamu ena amadalira iliyonse payokha. Ngakhale pulogalamu ya opanga makinawo, monga Lenovo Vantage kapena MyASUS, ili ndi ntchito: ndi momwe mumauzira batire kuti lisamadzaze mpaka 100 peresenti laputopu ikamakhalira pamagetsi, komanso imathandiza kukonzanso BIOS, pulogalamu yomwe imadzutsa makina Windows isanayambe. Wosamala amayamba wapanga restore point (pobwerera zinthu zikalakwika), ndipo dzina lomwe sakulidziwa amalifufuza kaye asanadine. Walira mvula walira matope, inde, koma palibe chifukwa choti kuyeretsa kompyuta kukusiyeni opanda mawu kapena Wi-Fi.

Sindikhulupiriranso timapulogalamu ta pa intaneti tolonjeza kuyeretsa zonse ndi batani limodzi. Tina n'tabwino, sindikukana. Koma kupereka mphamvu zonse za makina anu ku chinthu chomwe simukudziwa zomwe chikuchita, pofuna kuthana ndi zinthu zomwe simunazisankhe, ndi kubwereza vuto lomwelo.

Njira yomwe ndimaikonda, kwa amene ali ndi nthawi, ndi kuikamo Windows mwatsopano makina asanakhale ndi mafailo anu. Mumatsitsa kuchokera patsamba la Microsoft, n'kuika pa fulashi ya 8 GB kapena kuposerapo. Laisensi simutaya, chifukwa imamangiriridwa ku makinawo. Musayembekezere kuti zikhala zoyera kotheratu, pakuti nayonso Microsoft ili ndi zake. Windows 10 itatuluka mu 2015 inabwera ndi masewera a Candy Crush Saga. Ndipo musanayambe kuikamo Windows, sungani dalaivala wa Wi-Fi pa fulashi yomweyo, chifukwa Windows 11 imafuna intaneti kuti imalize kukhazikika.