Mwana wanzeru ali ndi khomo limodzi ku Malawi, anzathu anatsegula awiri

Zotsatira za mayeso a sitandade 8 zikatuluka, funso loti “wakhoza?” silikhalitsa pakamwa. Lenileni ndi lachiwiri: “Wasankhidwira kuti?” Yankho lake ndi limene limanena ngati pakhomo pafa nkhuku kapena anthu angoti “bola wakhoza” n’kubwerera kudimba. Sitimva kawirikawiri akuluakulu a zamaphunziro akukamba za ndondomeko yosamalira ana anzeru zapadera, koma tisanamizane, ndondomekoyo ilipo ndipo tonse timaidziwa. Dzina lake ndi selekishoni.

Makwerero ake ndi awa. Pamwamba pali sukulu zotenga ana m’dziko lonse: za boma monga Blantyre Secondary, Dedza, Lilongwe Girls ndi Mzuzu Government, kuphatikizapo za mishoni zothandizidwa ndi boma monga Zomba Catholic, St Mary’s, Likuni, Marist, Marymount ndi Chaminade. Pansi pake pali sukulu zogonera konko za m’maboma, kenako zoyendera, ndipo pansi penipeni ma CDSS. Zaka zambiri, ana opeza malo m’sukulu za boma safika ndi theka lomwe la amene akhoza, ndipo mwa osankhidwawo ochuluka zedi amapita ku CDSS. Mayesowo ndi a masiku ochepa, mwana amawalemba ali ndi zaka 13 kapena 14, mwina m’mimba muli gwaa, mwina malungo atam’gwira dzulo lake. Akatero basi, nkhani yatha. Komwe wagwera ndi komwe adzalembere fomu 4.

Si kuti zinayamba mwangozi. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m’ma 3 miliyoni m’chaka chimodzi chokha. Khamu limeneli linayenera kupita kwinakwake likamaliza sitandade 8, ndiye mu 1998 malo ophunzirira a MCDE, koleji ya boma ya maphunziro a patali, anasandutsidwa ma CDSS. Zinathandiza, ndipo amene amanyoza ma CDSS aiwala kuti popanda iwo ana ambiri akumudzi sakanaona n’komwe khomo la sekondale. Koma sukulu zambiri zotere zinabadwa zopanda labotale, zopanda laibulale, aphunzitsi ena atangokwezedwa kuchokera kupulayimale. Mwana wa mutu wogwira akagwera kumeneko amaphunzira kusakaniza mankhwala a kemisitire poyang’ana chithunzi chojambulidwa ndi choko pabolodi. Aphunzitsi amati, “apa madziwa asintha mtundu,” ana n’kulemba m’makope kuti asintha mtundu. Pa mayeso a MSCE mwana ameneyu amapikisana ndi mnzake amene wakhala akugwira mabotolowo ndi manja kuyambira fomu 1.

N’chifukwa chake makolo amachita zimene amachita. Kubwereza sitandade 8 kawiri katatu mwana atakhoza kale, kulipira pataimu mpaka tchuthi chonse, kusamutsira mwana kwa azakhali kuboma lina kumene akuganiza kuti mpikisano ndi wochepa. Ena amati ndi dyera. Ine ndimaona anthu amene awerenga bwino malamulo a masewerawo: khomo ndi limodzi, ndipo likatsekeka silitsegukanso.

Chinthu chimodzi chimene tinachitapo poyera m’dzina la ana anzeru ndi Kamuzu Academy ku Mtunthama, m’boma la Kasungu. Inatsegulidwa mu 1981 pafupi ndi mtengo wa kachere umene Kamuzu ankati anaphunzirirapo ali mwana. Ankatenga ana ochita bwino kwambiri m’boma lililonse, mwana wa mlimi kaya wa nduna, n’kumawaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki, aphunzitsi ake ochokera ku Britain. Ndalama zimene zinkathiridwa pa ana ochepawo zinali zoti sukulu zina zonse zinkangomeza mate. Ulamuliro utasintha mu 1994 thumba linauma, sukuluyo n’kukhala ya olipira, ngakhale kuti ana ena ochepa ochita bwino amapezabe thandizo lowalipirira.

Chimene chimandiluma pa nkhani ya Mtunthama ndi chakuti m’dera lomwelo, ku Wimbe, ndi kumene kunakulira William Kamkwamba. Iye anasankhidwira ku CDSS ya Kachokolo, n’kusiyira panjira chifukwa cha fizi m’njala ya 2002. Makina opukusa magetsi ndi mphepo amene anam’tchukitsa anawapanga ndi zitsulo zotola kudzala ndi njinga yakutha, nzeru zake akuzitenga m’mabuku a laibulale yaing’ono ya pasukulu ya pulayimale. Pambuyo pake anakafika mpaka ku Dartmouth College ku America. Timakonda kuinena nkhaniyi monyadira, koma mukaiona bwino ndi mlandu wathu. Sukulu yomangidwira ana anzeru inali pafupi pomwepo, selekishoni inam’yeza n’kum’peza wamba, ndipo panalibe khomo lina loti angagogodenso. Anam’tola ndi akuluakulu a ntchito yophunzitsa aphunzitsi amene anayendera laibulale ija, atolankhani ndi anthu akunja.

Tsopano tiwoloke pa Mwami tione kwa a Zambia. Poyamba zimaoneka ngati zathu zomwe. Mwana amalemba mayeso a giredi 7, pali mapointi odulira, pali sukulu zimene kholo lililonse limalota. Ku Chipata mukatchula Chizongwe kapena St Monica’s, nkhope za anthu zimachita monga zimachitira zathu mukatchula Box 2, Zomba Catholic ija. Nawonso wophunzira wopambana pomaliza sekondale amati wapeza mapointi 6, ngati ife.

Kusiyana koyamba kuli m’mayeso momwemo. Kwa zaka zambiri mayeso a giredi 7 akhala ndi mapepala awiri apadera amene safunsa zoloweza za m’buku, koma kaganizidwe: mawu awa akugwirizana bwanji, chithunzi chotsatira pamndandandawu ndi chiti. Sindikunena kuti mapepala otere ndi angelo, poti mwana wa m’tauni amene anawazolowera pataimu amapindulabe. Koma amapatsako mpata mwana wochangamuka amene sukulu yake sinamalize silabasi.

Kusiyana kwachiwiri ndi kumene ndimachitira nako nsanje. Kwa a Zambia, kwa nthawi yaitali, mayeso a giredi 9 sanali ongopatsa satifiketi. Anali selekishoni yachiwiri. Mwana amene anaphonya pa giredi 7 n’kukhala pasukulu yoyendera ya kwawo, akachita zodabwitsa pa giredi 9 ankatha kuitanidwa ku David Kaunda ku Lusaka kapena ku Hillcrest ku Livingstone, sukulu za luso zotenga ana a masamu ndi sayansi m’dziko lonse, zimene masiku ano zimatchedwa za STEM. Zaka ziwiri n’zambiri pa mwana wa msinkhu umenewo. Wina Chingerezi chimam’tsegukira mochedwa, wina amakumana ndi mphunzitsi wa masamu amene amam’yatsa moto, wina amangokula basi. Ife timakhala ngati mlimi wosankha mbewu chimanga chisanakhwime.

Ndiye taonani zathu za JCE, mayeso a fomu 2. Boma linaichotsa cha m’ma 2016 ponena kuti ikungodya ndalama, kenako mu 2020 linalengeza kuti ibwerera, pa nthawi yomweyo imene linati kota, yosankha ophunzira potengera maboma awo, yatha. Mkangano wonse unali woti kodi ana amalimbikira popanda mayeso apakati, komanso ngati pepala la JCE lingapezetse munthu ntchito. Sindinamve mokweza funso loti mayeso amenewa angakhale khomo. Mtsikana wa pa CDSS ya kumudzi amene waposa anzake onse m’boma lake pa JCE amalandira chiyani? Kuwomba m’manja pa asembule, mwina ndi makope awiri. Lolemba lotsatira ali pa benchi lomwe lija.

Chachitatu cha a Zambia n’chaching’ono pochiona koma chimafika kutali: makalabu a JETS, a ana okonda sayansi ndi zopangapanga, amene anayamba kale m’ma 1960. Mpikisano wake umayambira pasukulu, n’kukwera kuboma, kuchigawo, mpaka dziko lonse, ndipo ndi mbali ya ntchito ya unduna. Ubwino wake ndi woti mwana sachita kusamuka kuti aoneke. Kwathu zotere zilipo ndithu: chionetsero cha sayansi cha sukulu za sekondale chimene chimachitikira ku Kamuzu Academy, mpikisano wa masamu wa ku Mzuzu University, misasa ya sayansi ya atsikana ku MUST ku Thyolo. Zonsezi n’zabwino, koma zimadalira wothandiza ndi ndalama chaka chimenecho, komanso mphunzitsi wamkulu amene wamva uthengawo n’kupeza ya minibasi. Sukulu yakutali ndi tala imamva mpikisano utatha.

Tisawapange a Zambia kukhala oyera. Kuyambira Januwale 2022 boma la a Hakainde Hichilema linachotsa fizi mpaka giredi 12, linalemba aphunzitsi opitirira 30,000 chaka chomwecho, n’kukweza ndalama za chitukuko cha dera la phungu kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni ya kwawoko, mbali ina kuti izilipirira ana ovutika kusukulu zogonera. Izi zinachotsa munga umene umabaya ana ambiri anzeru, wosankhidwa koma wopanda ya bodingi. Koma makalasi anasefukira, madesiki n’kuchepa, ndipo m’kalasi yodzaza chonchi woyamba kuiwalika ndi mwana amene wamva kale. Mphunzitsi amathamangira otsalira, ndipo sitingam’dzudzule. Wanzeru uja amamaliza ntchito msanga, n’kupatsidwa udindo wolemba maina a olongolola.

Chinanso, khomo lachiwiri limene ndikulisirira lija a Zambia eni ake akuligwetsa. M’maphunziro atsopano amene anayamba mu 2025, pulayimale izithera giredi 6, sekondale yabwerera ku mafomu, mayeso a giredi 9 akuchoka, ndipo pamwamba pakubwera fomu 5 ndi 6. Ndiye kuti mwana azisankhidwa ali wamng’ono kuposa kale, n’kudikira zaka zinayi asanayezedwenso.

Kumpoto, kuseri kwa Songwe, a Tanzania ndiwo sachita manyazi ndi nkhaniyi. Ali ndi sukulu za boma zimene amazitchula poyera kuti ndi za ana a luso lapadera: Ilboru ku Arusha, Mzumbe ndi Kilakala ku Morogoro, Kibaha, Msalato ku Dodoma, ndi ziwiri za ku Tabora, ya atsikana ndi ya anyamata kumene anaphunzira Julius Nyerere. Nawonso ali ndi ma CDSS awo, sukulu za m’madera zimene zinamangidwa mothamanga cha m’ma 2000, zodandaula zake n’zofanana ndi zathu, kuwonjezapo vuto loti mwana amaphunzira m’Chiswahili pulayimale yonse n’kukumana ndi Chingerezi m’maphunziro onse pa fomu 1. Koma akamaliza fomu 4 kumakhala kusankha kwina kopita ku fomu 5, ndipo mwana wa sukulu ya m’dera amene wakhoza mwapamwamba amatha kupezeka ku Mzumbe kapena ku Kilakala. Khomo lawo lachiwiri lili mochedwa kuposa la a Zambia lija, koma lilipo. Kwathu kuno fomu 4 ikatha, chotsatira ndi mpikisano wa kuyunivesite, kumene wa ku CDSS amaima pamzere umodzi ndi wa ku Marist ngati kuti anayambira pamodzi.

Alipo amene amati zonsezi n’zosafunika, dziko losauka lisamataye ndalama pa ana ochepa pamene ena akuphunzirira pansi pa mtengo. Mfundo yawo ndi yolemera ndipo mbiri ya Mtunthama ili kumbali yawo. Ine sindikupempha Kamuzu Academy ina. Komanso ndikudziwa vuto la kusamutsa ana: mukachotsa atatu ochita bwino pa CDSS, mwachotsa amene ankakoka anzawo, amene ankafotokozera gulu masamu aphunzitsi akaweruka, ndipo sukuluyo imatsala yozizira. Aphunzitsi a kumeneko angadandaule, ndipo kudandaula kwawo n’komveka, kuti iwo alime wina akolole.

Komabe taganizani mtengo wake. Mayeso a JCE tikulipira kale, MANEB ikuchonga kale, maina a ochita bwino ali kale m’kompyuta. M’sukulu zogonera mumatsala malo pofika fomu 3, ena atasiya, ena atasamukira ku pulaiveti, ndipo mmene malowo amadzazidwira anthu amanong’ona zambiri. Kunena poyera kuti malo amenewa, ngakhale ochepa pa boma lililonse, ndi a ana a ku CDSS amene apambana pa JCE, ndiponso kuti ya bodingi yawo ilipiridwa, sikufuna njerwa ngakhale imodzi. Kholo limene likuganiza zobwezera mwana sitandade 8 kachitatu lingayambe laima kaye. Ndipo otsala pa CDSS aja akufunika zawo zofika pomwepo, monga kalabu ya sayansi yokhala pa ndandanda wa sukulu, mpikisano woyambira pa zoni, ndi mwayi wokagwiritsa labotale ya sukulu yaikulu yoyandikana nayo Loweruka m’malo moiona koyamba sabata ya mayeso.

A Zambia akamaliza kugwetsa giredi 9 tidzaona ngati fomu 5 yawo idzagwire ntchito imene mayeso aja ankagwira, monga zilili ku Tanzania, kapena ngati makolo a ku Chipata ndi Katete adzayambe kuchita zathu zomwezi, kulimbana ndi mayeso a mwana wa zaka 12 ngati kuti moyo wake wonse uli pamenepo. Ana oyamba a fomu 1 yatsopano adzafika fomu 4 mu 2028.