Locomotion No. 1 ndi anthu amene tinawaiwala

Nkhani ya mutu wa sitima wotchedwa Locomotion No. 1 imandigwira mtima, koma momwe anthu amaikambira sizindisangalatsa. Aliyense amangothamangira pa 27 September 1825, tsiku limene njanji ya Stockton ndi Darlington ku England inatsegulidwa, George Stephenson, katswiri wopanga mainjini, akuyendetsa Locomotion, munthu wokwera hatchi atatsogola ndi mbendera, chinamtindi cha anthu chitadzazana m'mabogi a malasha. Akafika pa liwiro la makilomita 24 pa ola, nkhani amaithera pomwepo.

Njanji imeneyi cholinga chake chachikulu chinali kututa malasha kuchokera kumigodi ya kufupi ndi Shildon kukafika nawo kumtsinje wa Tees. Apaulendo wamba anapitirizabe kukokedwa ndi mahatchi panjanji yomweyo mpaka 1833. Choncho moyo weniweni wa Locomotion unali thukuta ndi mwaye, tsiku ndi tsiku.

Ndiye mu July 1828 thanki yake yowiritsira madzi inaphulika, ndipo woyendetsa wake, John Cree, anamwalira. Ndani amamutchula bamboyu? Ine zimandiwawa. Injini za nthunzi zoyenda panjanji panthawiyo zinali zachilendo, aliyense ankaphunzira ali pantchito pomwepo, moto uli kumaso, madzi owira ali pambali. Munthu ankachoka pakhomo m'mawa kukasamala chinthu choti chingamuphe nthawi ina iliyonse.

Winanso ndi Timothy Hackworth, amene ankayang'anira mainjini ku Shildon. Magudumu akasweka, chitsulo chikang'aluka, iye ndi amisiri ake ndiwo ankachezera usiku. Locomotion itaphulika, anaikonzanso n'kuibwezera panjanji, ndipo inakokabe malasha mpaka 1841. Kwa ine, kupanga chinthu chatsopano n'kwapamwamba ndithu, koma kuchisamala zaka 16 chikuvutavuta pamafunika mtima wina. Chikhala kuti mainjini aja ankangofera panjira, eni njanji akanabwerera ku mahatchi, ndipo anthu akanati nthunzi ndi maloto chabe.

Mwamwayi Locomotion sanaiphwanye. Mu 1857 anaiika poonekera ku Darlington kuti isungidwe, ndipo mu 2021 inasamutsidwira kumalo osungirako zinthu zakale ku Shildon, tauni yomwe Hackworth ankagwira ntchito. Ndikanakonda aliyense woima patsogolo pake, asanajambule chithunzi, ayambe wamva dzina la John Cree.