Inu obweretsa ma crayfish akunja, mukufuna kutiphera mitsinje?

Loweruka lapitali ndinapita ku Makeni, mu Lusaka muno, kukazonda mlamu wanga amene akudwala miyendo. Ndikutuluka, mnyamata wa pa pulote yoyandikana, mwana woti ndinamuona akukwawa, anandikodola. "Amalume, bwerani mudzaone bizinesi." Ndinapita. Pansi pa mtengo wa mango panali cooler box ziwiri, mkati muli ma crayfish, abale a nkhanu aja a zala zopanira ndi mchira, akukandakanda, ofiira ngati njerwa yowotcha, osati abuluu aja tinawazolowera pa msewu wa ku Kafue. Akuti anawapeza kudzera pa gulu la WhatsApp, ndipo alowa m'dziko muno ali pansi pa zikwama m'basi. Ndinamufunsa za chilolezo. Anaseka. "Amalume, za mapepala zimangochedwetsa munthu."

Kenaka ndinaona ndi maso angawa chimene chandilembetsa uthengawu. Ena anali atafera m'njira, ngati asanu ndi atatu. Anawatola ndi manja, kuwaponya m'ngalande, n'kupendeketsa bokosi lija kuti madzi onse amene abwera nawo atsatire komweko. Ndowa yomweyo anakatungira madzi m'damu la bream la bambo ake. Ndinachoka osatsazika, chifukwa ndikanayankhula ndikanatukwana mwana wa mnzanga.

Ana inu, mwatani kodi? Sukulu tinakulipirirani ija inali yoti muzichita zimenezi? Ngalande ya ku Makeni mukuyesa imathera pa geti panu? Simudziwa kuti madzi a mu Lusaka muno ena amatsikira ku Chunga, kukalowa mu Mwembeshi mpaka mu Kafue, ena ku Ngwerere, kukagwera mu Chongwe mpaka mu Zambezi? Mvula ya mu January ikasefukira komboni yonse ya Kanyama, damu lanu lokumba ndi fosholo ndiye lidzakhala lapadera?

Ndipo musandiuze kuti munamanga mpanda wa waya. Chinthuchi chimayenda pamtunda. Usiku kukanyowa chimatuluka m'madzi n'kumapita. Chofiiracho chimakumbanso una m'khoma la damu mpaka khomalo kuchucha. Mudzachigwira ndi chiyani, ndi loko?

Mu Africa muno, kupatula pa chilumba cha Madagascar, Mulungu sanaikemo crayfish ngakhale mmodzi. Ife anatipatsa nkhanu zathu za m'miyala. Crayfish aliyense amene mukumuona m'madzi a Zambia anachita kubwera ndi munthu, ndipo munthuyo ankanenanso chimodzimodzi, kuti ndikungoweta, sathawa. Wabuluu wa zala zofiira uja, redclaw, kwawo ndi kumpoto kwa Australia ndi ku New Guinea. Anabwera kudzawetedwa. Lero ali mu Kafue Flats, ali m'Kariba ku Siavonga, wafika ndi ku chigwa cha Barotse kufupi ndi Mongu. Wachotsedwapo kuti? Ndani anamubweza? Akuluakulu ankati mlendo ndi mame, koma mlendo uyu dzuwa likutuluka chaka ndi chaka iye ali pompo, ndipo wamkazi mmodzi amanyamula mazira mazanamazana pansi pa mchira, osati kamodzi pachaka.

Pitani mukacheze ndi asodzi a ku Kafue m'mawa akamavuula maukonde, musamangoona mavidiyo a anthu owerenga ndalama pa foni. Ine ndinaima nawo pa doko chaka chatha. Bambo wina wachikulire anandionetsa bream yaikulu bwino, yoti akanagula nayo ufa, koma mimba yonse itadyedwa, maso kulibe, yangotsala mutu ndi minga. Ina chimodzimodzi. Ina chimodzimodzi. Ma crayfish atakoleka mu ukonde ngati nthata, ndipo powachotsa ukonde ukung'ambika. Munthu watchera madzulo, walumidwa ndi udzudzu, walimbana ndi mvuu, m'mawa n'kupeza mlendo wanu wadya kale. Amayi ogula nsomba zokagulitsa ku msika wa Soweto nsomba yoboola mimba angaitenge? Bamboyo anakufunsani kuti mum'bweretsere zimenezi? Iye analakwa chiyani?

Tsopano chimodzicho sichinatikwane, mukuonjezapo wofiira wa ku Louisiana, ku North America. Ku Kenya anamuika m'nyanja ya Naivasha cha mu 1970, ndipo anadya zomera za m'madzi mpaka maluwa a m'nyanjamo kutheratu. Nanga uja wamawangamawanga amene amagulitsidwa ngati chokongoletsa m'magalasi a nsomba? Ameneyo safuna ndi mwamuna yemwe, wamkazi mmodzi amaswa yekha. Anayambira m'magalasi a ku Germany m'zaka za m'ma 1990, lero wadzaza m'minda ya mpunga ku Madagascar. Mmodzi yekha, ana inu. Ndiye wina akatopa naye akuti ndikamutaye ku damu la Kalikiliki, ndi chifundo. Chifundo chanji chimenecho?

Za matenda ndiye zimandiwawa kwambiri, chifukwa apa mukudzibaya nokha. Ma crayfish a ku North America amanyamula mliri umene iwo suwapha msanga, koma umapulula anzawo a kwina. Unalowa ku Italy cha m'ma 1860, unafika ku Sweden mu 1907, ndipo unasesa ma crayfish a ku Ulaya mtsinje ndi mtsinje. Anthu a ku Sweden pofuna kukonza zinthu anakatenganso ena ku America m'zaka za m'ma 1960, osadziwa kuti akutenga mliri womwewo. Amenewo ndi anthu a ma labu ndi ndalama zawo. Inu muli ndi chiyani, cooler box? Mliriwu umayenda ndi madzi, ndi ukonde wonyowa, ndi jombo, ndi ndowa ngati ija ya ku Makeni. Redclaw wa ku Australia amafa nawo. Ndiye iwe woweta redclaw amene ukuombera m'manja mnzako wobweretsa wofiira, ukuombera maliro a damu lako lomwe.

Mwaiwala kale zilonda za nsomba? Mu 2006 ndi 2007 nsomba za mu Chobe ndi Zambezi zinayamba kutuluka zilonda zofiira zonyeka, matenda aja a EUS, amene kale ankamveka ku Asia. Mu 2020 anafika ku Mchinji, tsidya la Chipata pomwepa, alimi a nsomba n'kulira. Matenda a mawanga oyera anagwetsa ulimi wa prawns ku Quelimane ku Mozambique mu 2011, ndipo ma crayfish amatha kunyamula kachilombo kameneko. Mukuganiza matenda amenewa amakwera ndege okha? Amabwera m'madzi a munthu wina amene anaona kuti mapepala akumuchedwetsa.

Ndikudziwa chimene mukufuna kundiyankha, ndachimva kambirimbiri. Akuti nanga kapenta wa ku Kariba si anachokera ku Tanganyika? Inde, anachokera kumeneko, mu 1967 ndi 1968. Koma anabwera ndi akatswiri a boma masana dzuwa likuswa mtengo, osati pansi pa zikwama. Ndipo bwanji mumatchula kapenta yekha? Nile tilapia amene anathawa m'malo owetera n'kupanikiza bream ya ku Kariba, n'kusokoneza mtundu wa bream yathu ya ku Kafue, simum'tchula bwanji? Namasupuni wotseka mtsinje wa Kafue uja si anabwera ngati duwa lokongola?

Sindikudana ndi bizinesi ayi. Ntchito kulibe, ndikuona, ana anga omwe akuvutika. Ngati ogula crayfish alipo, pitani ku Kafue kapena ku Siavonga mukagule kwa asodzi amene akuwavuula kale, muwagulitse akufa kapena ophika, mwina n'kuchepako m'madzimo. Koma kunyamula amoyo kupita nawo ku damu la kwanu ku Chongwe, ku Petauke, ku Lundazi, mukufuna alowe mu Luangwa? Lamulo la za nsomba la 2011 lilipo, ndipo sililola kulowetsa kapena kuthira zamoyo zam'madzi popanda chilolezo. Ofesi ya Fisheries ili pa Chilanga pomwepa, minibasi imodzi kuchokera m'tauni. Mwendo wanu ndi umene wathyoka?

Nanunso makolo, mukuona mwana akutsitsa mabokosi a zinthu zamoyo zosadziwika pakhomo panu, inu n'kumangoti mwana wanga ndi wochangamuka. Nanunso oyendetsa mabasi ndi mathiraki, kakobiri ka chakumwa n'kumene mukugulitsira Zambezi?

Iwe mwana wa ku Makeni, ndikudziwa uwerenga. Wiritsa madzi, uthire onsewo m'poto lero lomwe, mabokosi ndi ndowa uziyanike padzuwa ziume gwa. Ndibweranso Loweruka kudzaona mlamu wanga. Ndikadzawapeza akukandakanda, sindidzayankhulanso ndi iwe, ndidzalunjika ku Chilanga.