Pakal anali munthu, anali ndi mayi ake

Usiku wathawu mkulu wina watumiza kavidiyo m'gulu lathu la WhatsApp la anzathu a kusekondale. Atenga chithunzi cha chimwala chosema cha ku Palenque, ku Mexico, achigoneka chammbali, kenako mawu akuti: taonani munthuyu akuyendetsa roketi, phazi lili pachopondera, moto ukutuluka kumbuyo. Akuti Amaya, mtundu wa anthu amene anasema mwalawo, sakanatha kumanga zimene anamanga, anachita kuphunzitsidwa ndi zolengedwa zochokera kuthambo. Anthu angapo, ena mwa iwo aphunzitsi, aikapo timanja towomba. Ine tulo tinandithera, ndipo mpaka pano mtima ukuwira.

Anthu inu, munthu ali pamwalapo dzina ali nalo. Ndi K'inich Janaab' Pakal, mfumu ya Palenque. Anabadwa mu 603, analowa ufumu mu 615 ali ndi zaka 12, anamwalira mu 683 atalamulira zaka 68. Mayi ake anali Sak K'uk'. Mwana wake Kan Bahlam ndiye analowa m'malo mwake. Zonsezi eni akewo anazilemba okha, ndi manja awo, m'chilankhulo chawo. Mwalawo ndi chivundikiro cha bokosi lake la maliro, ndipo m'mphepete mwake analembamo masiku amene makolo ake anamwalira. Mafupa ake anapezeka pansi pa mwala womwewo mu 1952, katswiri wofukula zakale Alberto Ruz ndi antchito ake atalimbana kuyambira 1949 kuchotsa miyala imene inatseka masitepe otsikira kumandako. Kumaso kwake anamuveka chigoba cha timiyala tobiriwira ta jade. Munthu wa mafupa, wa mayi, wa ana, inu mukumusandutsa woyendetsa roketi?

Chiimikeni chithunzicho bwinobwino. Chimene akuchitcha roketicho ndi mtengo wooneka ngati mtanda, pamwamba pake patera mbalame, mfumuyo ili pakamwa pa dziko la akufa. M'mbali mwa bokosilo anasemamo makolo ake akutuluka m'nthaka limodzi ndi mitengo ya zipatso, wina wa koko, wina wa mapeyala, wina wa magwafa. Ana ake ankamuika m'manda mwa mwambo wawo, basi.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti anthuwa analandidwapo kale mawu. Mu 1562, m'tauni ya Maní ku Yucatán, ku Mexico komweko, wansembe wa ku Spain Diego de Landa anasonkhanitsa mabuku awo n'kuwatentha, akuti munali mabodza a mdyerekezi. Iye mwini analemba kuti eni ake zinawawawa kwambiri. Lero mabuku otsala ndi anayi okha. Kwa zaka mazana zolemba zawo zinali pamiyala poyera, wowerenga palibe. Mu 1952 Yuri Knorozov wa ku Soviet Union, asanapondeko n'komwe ku Mexico, anaonetsa kuti zizindikiro zambiri zimaimira maphatikizo a mawu, ndipo Eric Thompson, yemwe ankamveka kwambiri pa nkhanizi, anamutsutsa mpaka imfa yake mu 1975. Mu 1960 Tatiana Proskouriakoff anayala masiku a pamiyala ya ku Piedras Negras, ku Guatemala, n'kuona kuti akugwirizana ndi moyo wa anthu: tsiku lobadwa, tsiku lolowa ufumu, mfumu ina kutsatira inzake. Mu 1973 Linda Schele, Peter Mathews ndi Floyd Lounsbury anakhala pansi ku Palenque komweko n'kulumikiza mndandanda wa mafumu. Dzina lakuti Pakal limatanthauza chishango. Pena alembi ankajambula chishangocho, pena ankalemba mophatikiza kuti pa-ka-la. Ntchito ya moyo wonse ya anthu ambiri kuti mawu a Amaya amvekenso, ndiye kavidiyo ka mphindi ziwiri kabwere kuwatsekanso pakamwa.

Landa anatentha ndi moto. Wotumiza kavidiyoyu akutentha ndi chala. Onse awiri akunena chinthu chimodzi, kuti anthu awa sangadzifotokozere okha. Kaya ndi ulesi wowerenga, kaya opanga mavidiyowo akusaka ndalama, ine zimenezo sindikuziwerengera. Kunena kuti nzeru zawo zinachokera kuthambo n'kunena kuti iwo analibe mutu. N'chipongwe, ndipo ochitiridwa chipongwewo ali moyo. Zidzukulu zawo zilipo mamiliyoni ku Guatemala, ku Mexico ndi ku Belize, akulankhula K'iche', Yucatec ndi zilankhulo zina. Safunsa anadya phula. Musanatumize, funsani kaye.

Ndipo mkulu yemweyu ndi amene mu 2012 ankatiopseza kuti Amaya analosera zoti dziko litha pa 21 December. Kalendala yawo inangomaliza chigawo chimodzi n'kuyamba china. M'kachisi momwe muli manda a Pakal muli zolemba zotchula tsiku la m'chaka cha 4772, lokumbukira kulowa ufumu kwake. Anthu oyembekezera kutha kwa dziko mu 2012 akanalemba za 4772? Bodza linamugwira nthawi imeneyo, sanapepese, lero wabwera ndi lina. M'mawa uno wandiyankha kuti ndisamakwiye ndi zinthu zazing'ono. Ndatuluka m'gulumo.