Galu wa ku Chipata ndi jekete, awa ndi maganizo anga chabe

Loweluka ndinali pa salaula ku Kapata kufunira mwana juzi, ndiye ndikufufuza m'mulu muja ndatulutsa kachovala kena kodabwitsa, kalibe manja, kali ndi lamba wa pamimba komanso kabowo pamsana. Ndafunsa amayi ogulitsa aja kuti kodi aka mwana amakavala bwanji, iwo kuseka mpaka misozi ati abambo ako si ka mwana, ndi ka galu. Ka galu! Ndipo ati anthu amagula. Ndinangoti mwina akundinyoza chabe, koma Sande m'mawa tikukwera phiri la Kanjala ndi anzanga ndakumana naye maso ndi maso mnyamata wina wa mahedifoni, kutsogolo kwake galu wamkulu waubweya ngati German Shepherd atavala jekete yofiira, lilime lili panja kutalika ngati lamba wa buluku. Kuchokera tsiku limenelo nkhaniyi ikungondizungulira m'mutu ndiye lekani ndilankhule.

Ine ndakula ndi agalu. Kumudzi kwathu cha ku Katete agogo aamuna anali nawo asanu osakira akalulu, ndipo mukudziwa maina a agalu akumudzi amakhala oyankha aneba, wina anali Adzanena wina Zilekeni. Mu June ndi July kuzizira kuja kofika poti madzi osamba umawayang'ana kaye kawiri, agalu aja ankangopita kukhitchini pamene moto wazima, kukanda phulusa pang'ono, kudzipinda mphuno kumchira basi tulo. M'mawa amadzuka atayera mbuu ngati chinyau, kudzikutumula kamodzi, ulendo kutchire. Palibe ndi mmodzi yemwe anafa ndi mphepo. Adzanena anafa ndi njoka, Zilekeni anakodwa pa msampha wa waya.

Osandimva molakwika, sindikuti jekete ya galu ndi zamisala kulikonse. Mwana wa achemwali anga ali ku Canada, kumeneko kumazizira mpaka madigiri 20 pansi pa ziro, madzi amauma gwa pamsewu ndipo amathira mchere m'misewu kuti asungunuke, mchere womwewo umawotcha mapazi a galu. Kumeneko kagalu kopanda ubweya wambiri ngati Chihuahua kapena Greyhound woonda uja ukamutulutsa osamuveka ndiye nkhanza zenizeni. Ngakhale ku Alaska pa mpikisano uja wa Iditarod, agalu okoka ngolo pa chipale mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600 kukafika ku Nome, amawaveka tinsapato kumapazi, chonsecho ndi agalu obadwira m'chisanu. Ndiye chovala chili ndi malo ake. Funso langa ndi lakuti malo akewo ndi pa Kanjala?

Kuno kwathu usiku wozizira kwambiri timakamba za madigiri 10, 12 chapompo. Ife timanjenjemera chifukwa tilibe ubweya komanso nyumba zathu za malata zimalowa mphepo paliponse, koma galu thupi lake limatentha kuposa lathu, iye amakhala pa 38 mpaka 39 pamene ife tili pa 37. Ndipo galu ngati uja ndinamuona ali ndi ubweya wa mitundu iwiri, wapansi wofewa wosunga kutentha ndi wapamwamba wokhakhala wotchinga mvula, kutanthauza kuti jekete anabadwa nayo kale. Manje iwe ukumuwonjezera ina kenako ukumukweza phiri. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, pang'ono chabe kumapazi, njira yake yoziziritsira thupi ndi kupuma wefuwefu lilime panja. Ndiye lilime lija silinali la chisangalalo ayi, mnyamata uja amaona ngati galu wake akumwetulira pa selfie koma galu anali kupsa mkati.

Chopha galu woyenda naye m'mapiri kuno ndi dzuwa osati mphepo. Yesani mu October kuika kumbuyo kwa dzanja pa tala wa Great East Road masana, mukalephera kupirira masekondi ochepa dziwani kuti nayenso galu mapazi akupsa chimodzimodzi, iye alibe patapata. Kutsikira ku chigwa cha Luangwa uko ku Mfuwe ndiye musanene, kumafika 40. Galu akayamba kuyenda dzandidzandi, dovu lambiri, nkhama zofiira kwambiri, muikeni pamthunzi, mumuthire madzi ozizirira bwino pamimba ndi m'miyendo, apo ayi mubwera naye pa njinga ali mtembo. Botolo la madzi ndi kambale zimaposa jekete kakhumi.

Ndiye pali nkhupakupa. Udzu wa m'phiri nthawi ya dzinja umadzaza nazo, zimalowa m'makutu, pakati pa zala, m'khwapa, ndipo zimabweretsa matenda aja galu amangofooka osadya nkhama zitayera. Jekete siziletsa, ine ndimaona ngati imangozipatsa nyumba yofunda yobisalamo, komanso ikanyowa ndi mvula n'kukhala pathupi tsiku lonse khungu limayamba zilonda. Nanga chitedze chikakakamira pansalu ija ndani akaichape, ndi inu nomwe mudzakanda mpaka usiku.

Koma chimene chimandiwawa kwenikweni ndi ichi. Tili ndi agalu ambirimbiri m'makomboni muno, ku Mchini, ku Navutika, nthiti zikuwerengeka uli patali, chakudya chawo ndi mkute ukatsala, ukapanda kutsala ndiye akadzionere okha kudzala. Galu wotere inde amamva mphepo, amalira usiku wonse mu July, koma chimene chamusowa ndi mafuta m'thupi. Muphikireni gaga, ponyanimo mitu ya kapenta kapena mafupa a ku butchala, mupatseni saka youma pakona posawomba mphepo, muona ngati adzalirenso. Ndipo katemera wa chiwewe ambiri sitipita naye, mpaka a vetenale alengeze pa wailesi kuti tikubaya, ndipo pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira matenda amenewa koma ife zii. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro kwa munthu ndiye kwatha palibe mankhwala, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu, ambiri ndi ana. Galu akaluma mwana tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda mphindi 15 kenako thamangani kuchipatala tsiku lomwelo, osati kumeta ubweya wa galuyo n'kuwotcha kupaka pabala monga ankachitira makolo.

Kumene ndingavomere chovala kuno ndi pa tiana ta galu tobadwa mu June mayi wake atafa, galu wokalamba amene miyendo yayamba kuuma, wodwala, kapena uja wathothoka ubweya ndi mphere. Kapena ngati muli ndi kagalu kachizungu kaubweya waufupi ndipo mwaganiza zokagona nako kumalo okwera kwambiri kozizira ngati kufupi ndi Nyika, kumene mu June ndi July udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Apo vekani ndithu, ndipo ngakhale juzi yakale yodula manja imagwira ntchito yomweyo, koma dzuwa likangotuluka muvule.

Kajekete ka ku Kapata kaja ndinagula, musandiseke, amayi aja ananditsitsira mtengo ndipo ndimafuna ndikaonetse kunyumba. Madzulo ana anamugwira galu wathu Tiger kumuveka, anaima nji ngati wamangidwa ndi apolisi, osasuntha ngakhale mwendo umodzi, maso ali pa ine. Titangotembenuka anakagubuduzika kuseri kwa bafa mpaka kanavuka, m'mawa tinakapeza pa khola nkhuku itaikirapo dzira, iye ali m'phulusa mwake.