Nthano imodzi yokha, mwaweruza nayo akazi onse?

Ndakwiya ndipo sindibisa. Bambo wina waponya pa Facebook chithunzi cha mbalame ya mutu wa mkazi, zija Agiriki ankazitcha ma Siren, n'kulemba pansi pake kuti ngakhale anthu akale ankadziwa kuti mkazi ndi msampha. Anthu n'kumamuombera m'manja m'makomenti. Akulu inu, nthano imodzi yokha, imene simunaimvetse n'komwe, mwaisandutsa umboni wozengera mlandu akazi onse a padziko? Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Sindikukana, ma Siren ankaimba pachilumba, amalinyero n'kukathera pomwepo. Odysseus, ngwazi ya m'nthano za Agiriki, anamata anyamata ake phula m'makutu, iye n'kumangidwa pamlongoti wa ngalawa kuti amve nyimboyo koma asadumphire m'madzi. Nanga ankamukopa ndi chiyani? Ankamulonjeza nzeru. Ankati akudziwa zonse zimene zinachitika pankhondo ya ku Troy ndi zonse zochitika padziko. Ndiye za chiuno ndi mabere mwazitenga kuti? Pazojambula zakale kwambiri za Agiriki omwewo palinso ma Siren aamuna, a ndevu zawo. Amenewo bwanji simunawaponye? Ku Athens ankasema ma Siren n'kuwaimika pamanda kuti azilira womwalirayo. Msampha unayamba walirapo maliro?

Mwatola kamodzi kokukomerani, zinazo mwazikwirira. M'nthano za ku Egypt, mulungu Osiris ataphedwa n'kudulidwa nthulinthuli, mkazi wake Isis anayendayenda kutolera ziwalozo, kenako anasanduka mphamba n'kumukupiza ndi mapiko kuti mpweya ubwerere. M'manda a mfumu Tutankhamun ya ku Egypt, amene anapezeka mu 1922, bokosi lake lamwala lili ndi milungu yaikazi inayi m'ngodya zake, Isis, Nephthys, Neith ndi Selket, yonse itatambasula mapiko kumufungatira. Mfumu yathunthu inagona m'mapiko mwa akazi kuti itetezeke, inu n'kumati anthu akale ankawaona ngati msampha. Anthu akale ake ati? A kuti?

Tsono imvani iyi, chifukwa ndi imene yandiwawa kwambiri. Ku Thailand kuli ma Kinnari, kumtunda mkazi, kumunsi mbalame, ndipo zifanizo zawo zagolide zaima pakachisi wa Wat Phra Kaew ku Bangkok. Mmodzi wa iwo, Manohara, anavula mapiko ake n'kulowa m'dziwe kukasamba ndi abale ake. Mlenje anabisala patchire, anamuponyera chingwe, n'kumugwira, n'kukamupereka kwa Suthon, mwana wa mfumu. Ku Ulaya nako ziliko nthano zotere: namwali avula chovala chake chanthenga kuti asambe, mwamuna n'kuchiba, n'kuchibisa, namwaliyo n'kukwatiwa poti alibe pouluka. Tsiku limene wachipeza chovalacho amauluka. Ndikufunseni tsopano, watchera msampha ndani pamenepa? Wabisala patchire ndani? Waba nthenga za mnzake ndani? Koma ine sindinadzuke m'mawa n'kulemba kuti amuna onse ndi akuba, chifukwa ndikudziwa kuti nthano imodzi siweruza mtundu wonse wa anthu. Inu chikukukanikani n'chiyani?

Ndikudziwa wina athamangira kwa ma Harpy, mbalame zina za mutu wa mkazi m'nthano za Agiriki, aja ankalanda chakudya cha mfumu Phineus n'kuipitsa chotsalacho. Amenewo anachita kutumidwa ndi milungu kuti akamulange, sanangodzuka n'kuyamba nkhanza. Mwinanso vuto n'lakuti amene ankalemba nthanozi ambiri anali amuna, kaya, koma si nkhani yanga lero. Yanga ndi iyi: musamanamizire makolo a eni ake mawu amene mwawaphika nokha m'mutu mwanu. Ngati muli ndi mangawa ndi mkazi wina amene anakusiyani, nenani za iyeyo, Agiriki asiyeni apume. Ndipo inu azimayi amene munaika tizithunzi toseka pansi pa positi ija mwandikhumudwitsa koposa mwini wakeyo.

Zinanso zonditopetsa ndi awa amene akamva za Siren amajambula mkazi wa mchira wa nsomba atakhala pamwala. Agiriki ankajambula mapiko, nthenga ndi zikhadabo. Mchira wa nsombawo unabwera patapita zaka mazanamazana, ku Ulaya. Mbalame mwaisandutsa nsomba, kenako muzitiphunzitsa zimene anthu akale ankaganiza?