Chithunzi cha Oscar Wilde nambala 18: mwini wake ndani?

Anthu akamatchula Oscar Wilde, mlembi wa ku Ireland, amathamangira ku buku lake la 1890, The Picture of Dorian Gray, lomwe manyuzipepala ena a ku Britain analinyoza kuti ndi lolaula, kapena ku zaka ziwiri zomwe anakhala m'ndende kuyambira 1895. Ojambula anzanga, ife tiyang'ane kaye chithunzi chomwe anajambulidwa ku New York mu Januwale 1882, ali ndi zaka 27, mu situdiyo ya wojambula Napoleon Sarony ku Union Square, chomwe ndi nambala 18 pa zithunzi zomwe Sarony anamujambula.

Wilde wakhala pa sofa, wavala jekete ya veleveti, kabudula wolekeza m'mawondo ndi masokosi aatali. Dzanja limodzi lagwira buku, lina lachirikiza mutu. Ena amati kugwira tsayako kunali kudzionetsa nzeru. Mwina. Koma nthawi imeneyo chithunzi chinkalowa pa galasi lopakidwa mankhwala, kuwala kunkachokera pa zenera la kudenga, ndipo munthu ankayenera kukhala duu kwa masekondi angapo. Mutu ukangogwedera, maso amatuluka mbuu, galasilo latayika. N'chifukwa chake masitudiyo ankaika chitsulo chogwira kunkhongo, chobisika kuseri. Chigongono chikatsamira pa bondo ndipo chikhato chikanyamula mutu, ntchito ya chitsuloyo yachepa, komanso munthu saoneka wouma ngati mtengo. Njira imeneyi imathandizabe lero m'chipinda chopanda kuwala kokwanira.

Kenako kampani ya Burrow-Giles inasindikiza makope 85,000 a chithunzichi osapempha. Sarony atasuma, iwo anati chithunzi ndi ntchito ya makina, palibe munthu amene anachipanga, choncho chilibe mwini wake. Mu Malichi 1884 khoti lalikulu la ku America linakana zimenezo. Linati Sarony ndi amene anasankha mmene Wilde akhalire pa sofa, zovala, nsalu zozungulira, kuwala ndi mthunzi, ngakhalenso maonekedwe a nkhope. Kampaniyo inalamulidwa kulipira madola 610.

Ine ndimagwirizana ndi khotilo, ngakhale pali kachinthu kamene kamandisowetsa mtendere. Mu situdiyomo kamera ankaiyendetsa Benjamin Richardson, pomwe Sarony ankalongosola anthu ndi nsalu. Dzina la Richardson silili pa khadi la chithunzicho, pali la bwana lokha. Komabe mukaika kamera pa chilichonse cholongosoledwa kale, ojambula khumi atulutsa zinthu zofanana. Kusiyana kumabadwa polongosolapo.

Burrow-Giles anayesanso kuzembera pena. Pansi pa chithunzicho panalembedwa "Copyright, 1882, by N. Sarony", ndiye iwo ankati "N." si dzina lathunthu, choncho chidziwitsocho n'chopanda mphamvu. Khoti linati chaka, chilembo choyambacho ndi dzina la bambo ndi zokwanira kuti aliyense adziwe mwini wake.